Mamendulo a Makolo: Akwechedwe Kapena Asiyidwe Akuda?

M'nyumba zina za ku Kawale, ku Biwi ndi ku Area 25 muli mabokosi achitsulo amene satsegulidwa kawirikawiri. Ena mwa iwo anafika mu Lilongwe pamodzi ndi akalaliki ndi aphunzitsi pamene likulu la Boma linachoka ku Zomba m'chaka cha 1975. Pansi pa zikalata zakale pamagona masupuni, ndalama za kale, ndiponso mamendulo a asilikali a King's African Rifles. Ukayandikira mwezi wa Novembala, pamene dziko limakumbukira ofera ku nkhondo, ana ndi adzukulu amatulutsa mamendulowo nawapeza atada bii. Tsono pamabuka mlandu: ena amati kuwasiya akuda ndi kunyoza malemu, ena amati asakhudzidwe.

Kuda kumeneku si dzimbiri ayi. Dzimbiri limadya chitsulo kufikira litachiboola, koma siliva amada pamwamba pokha, akakomana ndi sulufule. Sulufuleyo amachokera ku mpweya wa zinthu zowola, ku mazira, ku anyezi, ku mphira ndi ku nsalu za ubweya. Mendulo yakuda ingathe kukhala zaka zambirimbiri chithunzi chake chili chonse. Choiwononga ndicho dzanja lachangu, pakuti pokwecha paliponse pamachoka siliva pang'ono, ndipo wochokayo sabwerera. Phulusa ndi mchenga zimayeretsa poto bwino lomwe, koma pa siliva zimasiya mikwingwirima yosatha. Ngakhale Brasso, amene asilikali ankawalitsira mabatani, anapangidwira mkuwa. Kwa siliva ndi waukali.

Nkhaniyi imakula pa mamendulo a Nkhondo ya Chiwaya, ya 1914 mpaka 1918, imene inafika ku Karonga mu Seputembala 1914. Dziko lino linapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000. Asilikaliwo analandira British War Medal, ya siliva weniweni, yokhala ndi mutu wa Mfumu George V mbali imodzi ndi munthu wokwera kavalo mbali inayo. Koma chuma chake chachikulu chili m'mphepete mwake, mmene anadinda nambala ya msilikali, udindo wake, dzina lake ndi gulu lake. Ambiri mwa amuna amenewo sanasiye chithunzi kapena kalata, kotero kuti timalemba tating'onoti ndito tokha tikunena kuti munthu wakutiwakuti analiko. Kuda kumene kumakhala m'mizere ya malembawo ndiko kumathandiza diso kuwawerenga. Wokwecha ndi mphamvu, poyesa kulemekeza agogo ake, akufafaniza dzina lawo lomwe. Ndipo amene akulingalira zogulitsa, ngakhale kuti kutero n'komvetsa chisoni, adziwe kuti osunga zinthu zakale amatsitsa mtengo wa mendulo yokwechedwa.

Mnzake wa menduloyi, Victory Medal, ndi wamkuwa wokutidwa ndi utoto wagolide wopyapyala, umene suchedwa kupita ukakwechedwa. Mamendulo a nkhondo ya 1939 mpaka 1945, amene anabwera nawo asilikali a ku Abyssinia, ku Madagascar ndi ku Burma, ambiri si asiliva, ndiponso ambiri anaperekedwa opanda dzina. Kwa amenewa chofunika kusamala koposa ndi chikalata chotulukira usilikali chimene chili nawo m'bokosimo.

Za masupuni ndi mafoloko nkhani njosiyana, popeza anapangidwa kuti adyeredwe ndi kutsukidwa. Komabe mwini wake atembenuze chogwirira nayang'ane chidindo. Akaona kamkango koyenda, ndiye siliva wa ku England, magawo 925 pa 1,000 alionse. Akaona malemba akuti EPNS, adziwe kuti silivayo ndi khungu chabe pamwamba pa chitsulo china, ndipo mchenga ukapitapo kangapo pamatuluka mawanga achikasu.

Nanga banja lofuna kuti mendulo ioneke bwino pa tsiku la chikumbutso lichite chiyani? Madzi ofunda, sopo wosalimba ndi nsalu yofewa ya thonje zimachotsa litsiro ndi thukuta la manja popanda kutenga siliva. Pambuyo pake menduloyo iumitsidwe ndithu. Kansalu kake kamitundumitundu kasanyowe, pakuti kakale kamasuluka ndi kung'ambika. Mawanga obiriwira ofumbutuka pa mendulo yamkuwa ndiwo matenda enieni, ndipo amenewo afunika akatswiri, monga a ku nyumba yosungira zinthu zakale ya Boma ku Chichiri, mu Blantyre.

Pali ntchito imodzi imene mphunzitsi kapena kalaliki aliyense angaithe madzulo amodzi: kupendeketsa mendulo pafupi ndi nyali, kukopera nambala ndi dzina m'kope, ndi kulembapo mudzi ndi mfumu ya malemuwo akuluakulu owadziwa akadalipo. Atatero aikulunge yokha m'nsalu ya thonje, yosamangidwa ndi mphira, naibwezere m'bokosi pamalo ouma.