Mayi akati "mwana ali ndi tsempho", dokotala amve chiyani?

Kwathu kuno kwa Dambe ku Mchinji, mwana akatupa miyendo ndi nkhope, tsitsi n'kufiira, agogo ambiri amati ndi tsempho, ena amati mdulo. Amatanthauza kuti mmodzi mwa makolo sanasunge mwambo wa m'nyumba. Mabuku a udokotala amati matendawa ndi kwashiorkor. Ndiye ndikufunseni: wophunzira udokotala akamva mawu oti tsempho, aseke, akalipe, kapena afunse?

Tiyambe ndi sayansi yake. Kwashiorkor imagwira ana amene sakupeza chakudya chokwanira, makamaka chomanga thupi monga nyemba, mtedza, mazira ndi usipa. Madzi amachoka m'mitsempha ya magazi n'kukadzaza m'minofu, n'chifukwa chake mwana amaoneka ngati wanenepa pomwe akudwala. Kuyeza kwake n'kosavuta: dinikizani chala pamwamba pa mapazi onse awiri kwa masekondi atatu. Pakatsala kadzenje, mwanayo apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Chomwe chimandisangalatsa ine n'chakuti dzina loti kwashiorkor si la Chingerezi. Dokotala Cicely Williams, yemwe ankagwira ntchito ku Gold Coast, lero Ghana, analimva kwa anthu a mtundu wa Ga ndipo analilemba mu 1935. Limanena za matenda a mwana woletsedwa kuyamwa chifukwa kwabwera mng'ono wake. Ife timati utumbidwa. Anthu a m'mudzi anali ataona kale nthawi yomwe matendawa amayamba, ndipo dokotala uja anatchera khutu.

Kumvetsera koteroko kumaphunzitsidwa. College of Medicine, yomwe inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991 ndipo kuyambira 2021 ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, yakhala ikutumiza ophunzira ake ku Mangochi kukaphunzira zaumoyo wa m'midzi. Tangoganizani, mnyamata wokulira ku Area 47 ku Lilongwe ali pakhonde m'mudzi wa Ayao: chilankhulo china, chipembedzo china, kadyedwe kena. Amaona yekha kumene madzi amatungidwa, ndiponso amene amalamula kuti mwana apite kuchipatala, kaya ndi bambo, agogo kapena malume.

Phindu lake lili apa. Mayi akafika pachipatala ku Kapiri n'kuuzidwa kuti "zimenezo n'zaumbuli", ulendo wina sabweranso, ndipo mwana wotupa sachedwa kufooka. Koma dokotala akafunsa kuti, "Amayi, kunyumba akuti chavuta n'chiyani? Mwamumwetsako chiyani?" mayi amamasuka. Dokotalayo amadziwa za mankhwala azitsamba amene mwana wamwa, amayamba chithandizo cha mkaka wapadera kenako chiponde, n'kufotokoza mofatsa kuti matendawa si mlandu wa munthu.

Inu amene mukulota udokotala, limbikirani Biology ndi Chemistry. Koma madzulo ano mufunsenso agogo kuti liwombo ndi chiyani, ndipo mumve mpaka amalize.