Kuyendera Okalamba M'makomo Asanadwalike

Okalamba ambiri amafika kuchipatala atadwalika kale, mphamvu zomwe zikanatetezedwa zitatha. N'chifukwa chake akatswiri a zaumoyo amalimbikitsa kuti okalamba aziyenderedwa kunyumba kwawo matenda asanawagwetse. Cholinga cha ulendo wotere ndi kuona ngati agogo akuthabe kusamba, kuvala, kuphika ndi kupita kuchimbudzi paokha, komanso kupeza msanga chomwe chingawalande mphamvuzo.

Dziko la Denmark linakhazikitsa lamulo la maulendowa mu 1996, ndipo pofika 1998 makhonsolo ankayenera kupereka mwayi woyenderedwa kawiri pachaka kwa aliyense wa zaka 75 kapena kuposerapo. Wokalamba anali ndi ufulu wokana. Kuno ku Malawi, komwe munthu amawerengedwa wokalamba akafika zaka 60, alangizi a zaumoyo amafika kale m'midzi, ndipo mabanja akhoza kuwapempha kuti aonenso agogo.

Zoyeza zake n'zosafuna makina. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti wokalamba adzuke pampando kasanu osagwira ndi manja. Akalephera kutero m'masekondi 14, miyendo yayamba kufooka. Woyendera amafunsanso ngati agogo atsika ndi makilogalamu oposa atatu m'miyezi itatu, ngati chilakolako cha chakudya chachepa, ngati akumva mawu onong'ona, ndiponso ngati angakumbukire mawu atatu omwe auzidwa posachedwa.

Pakhomo pamafunika kuyang'anitsitsa. Khonde lalitali, mphasa yopindika, mizu ya mitengo panjira ya kuchimbudzi ndi mdima wa usiku ndi zomwe zimagwetsa okalamba, ndipo amene wathyoka fupa la m'chiuno kawirikawiri sayendanso monga kale. Kusalaza njira, kuika mtengo wogwirira m'chimbudzi ndi kugula tochi kumafuna ndalama zochepa poyerekeza ndi kusamalira munthu wogona miyezi yambiri. Mankhwala a kuthamanga kwa magazi ndi a shuga nawonso aonedwe ngati akumwedwa moyenera, popeza chizungulire china chimachokera pamenepo. Maso akachita ng'ala, banja lisagwe ulesi: madokotala amachotsa ng'ala ndipo ambiri amaonanso.

Pali chizolowezi china chomwe chimaoneka ngati ulemu koma chimawononga, ndicho kuwachitira agogo chilichonse. Minofu yosagwira ntchito imafota msanga. Agogo omwe angathe kusesa, kusenda mtedza kapena kuyenda kukacheza kwa anzawo asaletsedwe.

Kuiwalaiwala, kusokera m'mudzi mwawo momwe ndi kulankhula zosagwirizana ndi zizindikiro za matenda a ubongo omwe amadza ndi ukalamba, osati ufiti. Lamulo la 1911 lokhudza za ufiti limaletsa kunenera munthu kuti ndi mfiti, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba. Banja lomwe laona zizindikirozi lipite ndi agogo kuchipatala chomwe lili nacho pafupi.