Dzira la pa basi limafuna tsiku lopuma

Thileyi ya mazira 30 ikachoka ku Blantyre m'mawa, imafika ku Lilongwe masana itayenda makilomita oposa 300, itadumpha mabampu osawerengeka, mwina itakwerako kabaza kuchokera pa depoti. Woilandira amatsegula katoni, n'kuona kuti palibe dzira losweka, n'kuthokoza kondakitala. Masabata atatu akatha, anapiye amatuluka 14 kapena 15, mazira ena onse asukusa. Apa m'pamene mkangano umayambira pa foni: wogula akuti anamugulitsa mazira opanda tambala, wogulitsa akuti makina oswetsera mazira a wogulayo ndi achabechabe.

Nthawi zambiri onse awiri amakhala alibe mlandu waukulu. Vuto linachitikira pa msewu, ndipo lili m'kati mwa dzira momwe maso safika.

Malonda a mazira oswetsa akula masiku ano chifukwa alimi ambiri akufuna nkhuku za mikolongwe, Kuroiler kapena Sasso, ndipo kutumiza dzira n'kotsika mtengo kusiyana ndi kutumiza nkhuku yamoyo. Koma dzira lomwe lili ndi mbewu ya tambala ndi chinthu chamoyo chimene changogona. Chigoba chake chili ndi timabowo masauzande ambiri topumira. Gawo lachikasu lija limakhala pakati, litamangidwa ndi tizingwe tiwiri toyera tomwe mayi aliyense amationa akamaswa dzira m'mbale. Kumbali yaikulu ya dzira, yosasongoka ija, kuli kathumba ka mpweya. Pa tsiku la 19 kapena 20 mwanapiye amaboola kathumba kameneka ndi mlomo n'kupuma koyamba, asanayambe kugogoda chigoba.

Dzira likagwedezeka kwa maola asanu m'basi, tizingwe tija timafooka ndipo kathumba ka mpweya kamamasuka pamalo pake. Mukaunika dzira lotere ndi tochi ya foni m'chipinda cha mdima, mumaona mpweya ukuyendayenda mukalitembenuza, ngati thovu m'botolo la madzi. Mwanapiye akhoza kukula bwinobwino mpaka sabata yachitatu, koma pofuna kupuma amapeza kathumba kali pena, n'kufera momwemo. N'chifukwa chake oweta ozolowera ntchitoyi amati theka la mazira oyenda ulendo wautali likaswa, munthu asadandaule, pomwe mazira otola pakhomo amatha kuswa 8 kapena 9 pa 10 alionse.

Mankhwala ake ndi osagula. Mazira akafika, aikidwe m'thileyi mbali yaikulu ili m'mwamba, yosongoka pansi, pamalo ozizirira bwino, ndipo asakhudzidwe kwa maola 24. Kupuma kumeneku kumapereka mpata woti kathumba kabwerere m'malo. Ambiri amalephera pomwepa chifukwa cha phuma: makina atentha kale, mtima uli dyokodyoko, ndiye amangothira mazira nthawi yomweyo.

Zaka za dzira nazo zimawerengedwa m'masiku. Dzira loikiridwa masiku osapitirira 7 apitawo ndiye labwino kuswetsa. Likadutsa pamenepo mwayi umatsika tsiku ndi tsiku, ndipo pofika masabata awiri wakhala wochepa ndithu. Wogula ali ndi ufulu wofunsa tsiku limene mazirawo anatoledwa, ndipo wogulitsa wachilungamo amalemba deti pa dzira lililonse ndi pensulo. Kutentha kwa mu Okutobala kumaonjezera vuto, pakuti dzira likakhala pamalo otentha kwambiri, monga pafupi ndi injini ya minibasi, mbewu ija imayamba kukula mosalongosoka kenako n'kufa. Ndipo dzira loti lifungatiridwe silitsukidwa. Lili ndi kachikuto kosaoneka kamene kamatseka njira ya tizilombo, ndipo madzi amakachotsa. Lodetsedwa kwambiri ndi zitosi, lang'alu, lalikulu modabwitsa kapena laling'ono kwambiri, lipite ku poto.

Makina oswetsera mazira amangotsanzira thadzi. Amafunika kutentha kwa madigiri 37.5, chinyontho cha 50 mpaka 55 peresenti kwa masiku 18 oyamba, kenako 65 mpaka 70 peresenti masiku atatu omaliza. Mazira amatembenuzidwa kosachepera katatu pa tsiku kuti mwanapiye asamatirire ku chigoba, ndipo kutembenuza kumalekeka pa tsiku la 18. Kwa mazira amene kathumba kawo kamasuka, ndi bwino kuwasiya choimirira osawatembenuza masiku awiri kapena atatu oyamba, kenako n'kumangowapendeketsa pang'onopang'ono. Pa tsiku la 7 tochi ija imagwiranso ntchito: dzira lamoyo limaonetsa timitsempha tofiira totambasuka ngati ukonde wa kangaude, kadontho kakuda kali pakati. Loyera mbee lilibe kanthu, lichotsedwe lisanaphulike n'kununkhitsa anzake.

Mdani wa makina ndi wodziwika kwa aliyense wokhala m'tauni. Magetsi akazima ola limodzi kapena awiri, mazira amapirira ngati chitseko sichikutsegulidwa ndipo makinawo afunditsidwa bulangete. Akazima tsiku lonse, pafunika batire kapena sola. Amene alibe zimenezi asataye ndalama zake pa makina, chifukwa pakhomo pali makina ena osafuna mayunitsi.

Thadzi lachikuda, kaya ndi kameta wa khosi lopanda nthenga uja kaya lina lililonse, likayamba kufungatira silisankha kuti dzirali ndi la yani. Limatenthetsa, limatembenuza lokha ndi mlomo kambirimbiri pa tsiku, ndipo anapiye akaswa limawalera n'kuwateteza kwa kabawi. Mlimi amangochotsa mazira a thadzilo usiku n'kuikapo ogula aja, 10 kapena 12 malinga ndi kukula kwa thadzilo. Akachulukitsa, a m'mphepete amazizidwa, ndipo popeza thadzi limawasinthasintha, pafupifupi onse amalawako kuzizirako. Chisa chikhale pamalo a phee, ndipo chithiridwe phulusa kapena mankhwala a utitiri, chifukwa thadzi lolumidwa usiku wonse limathawa mazira. Luso lagona pa kugwirizanitsa nthawi: mazira aitanitsidwe thadzi litayamba kale kukhalira chisa, osati kugula mazira kenako n'kumadikira kuti nkhuku ina ifungatire.

Kudalirana kumeneku kwa mikolongwe ndi nkhuku zachikuda kuli ndi mbiri yake. Nkhuku imene Amalawi amaitcha mikolongwe dzina lake lenileni ndi Black Australorp. Inapangidwa ku Australia kuchokera ku mtundu wa Black Orpington wa ku England, ndipo inatchuka pa dziko lonse thadzi lina litaikira mazira 364 m'masiku 365. Kuno inabwera m'zaka za m'ma 1950, n'kutenga dzina la famu ya boma ya Mikolongwe ku Chiradzulu komwe inkachulukitsidwa. Malo enanso a boma oswetsera anali ku Bwemba ku Lilongwe ndi ku Choma kufupi ndi Mzuzu, ndipo alimi ankagula nkhukuzi zili ndi masabata 6 kuti zikakwerane ndi zakumudzi. Cholinga chinali chomveka: thadzi lachikuda limaikira mazira 30 mpaka 50 pa chaka chifukwa nthawi yambiri limathera pa kufungatira ndi kulera, pomwe mikolongwe yodya bwino imadutsa 200. Koma nkhuku yoikira chotere sikhalira chisa kawirikawiri. Amene anagulitsa zachikuda zonse pofuna kukhala ndi khola lakuda lokhalokha anadzazindikira mochedwa kuti wagulitsa azamba.

Pa Kuroiler, yochokera ku India, ndi Sasso, ya ku France, pali chenjezo lina. Izi ndi nkhuku zosakaniza mitundu, ndipo ana a ana ake sakula mofanana ndi makolo awo. Mikolongwe yeniyeni imabereka mikolongwe, malinga tambala ndi thadzi akhale a mtunduwo, ndipo tambala azisinthidwa kuti asamakwere ana ake. Tambala mmodzi amakwanira matadzi 10.

Tsiku la 21 ndi la kudziletsa. Mwanapiye akaboola kabowo koyamba amatha kupuma maola 12 kapena kuposa asanapitirize, ndipo munthu wachifundo chopitirira amene amamuthandiza kusenda chigoba nthawi zambiri amadula mitsempha yomwe sinaume. Kutsegulatsegula makina nako kumathawitsa chinyontho, kachikopa ka m'kati n'kuuma n'kumukulunga mwanapiye. Palibenso chifukwa chothamangira ndi chakudya: asanaswe amakhala atameza gawo lachikasu lija m'mimba, ndipo limamusunga masiku awiri. Akauma n'kuchita nyankhalala ndiye asamutsidwe.

Anapiye opanda mayi amafuna kutentha kwa madigiri 32 mpaka 35 sabata yoyamba, n'kumatsitsa pafupifupi madigiri atatu sabata iliyonse. Babu kapena mphika wa makala wotetezedwa bwino umakwanira, bola mpweya uzilowa. Iwo eni amanena mmene zilili: akaunjikana pamodzi akulira, kwazizira, akathawira m'mphepete milomo ili yasa, kwatentha, akamwazikana n'kumadya, zili bwino. Madzi aikidwe m'chiwiya chosazama chokhala ndi timiyala kuti asamire. Madeya okhaokha sakuza mwanapiye wa mikolongwe. Masabata oyamba amafuna chakudya cha anapiye cha kusitolo, kapena madeya osakaniza ndi soya wokazinga wogaya ndi ufa wa usipa, ndipo chiswe ndi masamba zikhale zoonjezera.

Zonsezi zimatha m'masiku atatu okha chitopa chikalowa m'mudzi, makamaka nyengo yotentha. Matendawa alibe mankhwala ochiza. Katemera wa I-2, wopangidwa ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe, amapirira kutentha kuposa akatemera ena ndipo amaperekedwa ndi dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, yaing'ono ndi yaikulu yomwe, miyezi itatu kapena inayi iliyonse. Pa tsiku loitanitsa mazira, imbiraninso mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu mumufunse tsiku la katemera.