Chifukwa Chiyani Mota ya Chigayo Ili ndi Malire a Liwiro?

Aliyense amene adaimapo pamzere wa chigayo pa Phalula m'nyengo yokolola akudziwa mmene mtima umathamangira dzuwa likamapendeka, thumba lako lisanafikiridwe. Tsiku lina mwana wa sukulu amene bambo wake ali ndi chigayo cha magetsi adandifunsa kuti, "Aphunzitsi, bwanji osangowonjezera moto monga achitira woyendetsa galimoto?" Funsoli n'lofunika, pakuti mota ikapsa, banja lonse limagwa mphwayi.

Mota ya mtundu umenewu idatulukira kudzera m'nzeru za Galileo Ferraris mu 1885 ndi Nikola Tesla mu 1888. Ili ndi zigawo ziwiri. Chakunja, chosayenda, chili ndi waya wa mkuwa wokulungidwa m'magulu atatu. Cham'kati, chozungulira, chili ndi timitanda ta aluminiyamu tolumikizidwa kumapeto ngati khola. Chodabwitsa n'chakuti palibe waya wopita ku chigawo cham'katicho.

Magetsi a m'dziko muno, kaya achokere ku Nkula, kumene makina oyamba adayamba kugwira ntchito mu 1966, kaya adzere pa siteshoni ya Phombeya kufupi ndi Phalula, amapita ndi kubwerera m'waya maulendo 50 pa sekondi. Akalowa m'magulu atatu aja motsatizana, amapanga mphamvu ya maginito yozungulira. Mphamvuyo ikamadutsa timitanda tija imabala magetsi mmenemo, ndipo nato timasanduka maginito n'kuyamba kuilondola.

Apa ndipo pagona malire oyamba. Mota ya nsonga ziwiri za maginito mphamvu yake imazungulira maulendo 3,000 pa mphindi. Ya nsonga zinayi, 1,500. Ya zisanu ndi chimodzi, 1,000. Ku America, kumene magetsi amabwerera maulendo 60, ya nsonga zinayi imafika 1,800. Choncho liwiro lidapimidwa kale ndi womanga mota pamodzi ndi opanga magetsi, osati mwini chigayo.

Komanso chigawo cham'kati sichingafike pa liwiro limeneli. Taganizirani wopalasa bwato pa Shire: nkhafi ikamayenda limodzi ndi madzi, siikankha kanthu. Chimodzimodzinso timitanda tikadathamanga mofanana ndi mphamvu ya maginito, sitikadadutsidwa nayo, magetsi akadazima mmenemo, ndipo mota ikadafooka. N'chifukwa chake pa kachitsulo kolembedwa pathupi la mota mumapeza nambala monga 1,450 m'malo mwa 1,500. Kutsalirako ndiye moyo wake.

Nanga chimachitika n'chiyani mgayitsi akakhuthulira chimanga chochuluka nthawi imodzi? Mota imatsalira kwambiri, imakoka magetsi ochuluka, ndipo waya amatentha mpaka utomoni womuteteza kupserera. Katundu akapyola muyeso, mota imangoima n'kumang'ung'udza. Magetsi akafooka ndi magawo 10 pa 100, mphamvu yopotokola imatsika ndi magawo pafupifupi 19. Waya mmodzi mwa atatu akaduka, awiri otsalawo amasenza goli lonse. Zikatere, wanzeru amazimitsa msanga.

Ena amasintha magudumu a lamba. N'zoona kuti gudumu la ku mota likakula kawiri kuposa la ku chigayo, nyundo zimazungulira maulendo pafupifupi 2,900. Koma kulikuza mopitirira n'kusenzetsa mota mtolo umene siinapangidwire. Masiku ano kuli zipangizo zosintha maulendo 50 aja, motero liwiro limasinthika. Komabe mota ikayenda pang'onopang'ono chikupizo chake sichiiziziritsa mokwanira, ndipo ikathamanga mopyola imaguga msanga.

Tsono inu anyamata ndi atsikana otsiriza sukulu amene mukulowa ntchito ya m'chigayo, yambani mwawerenga kachitsulo kaja, ndipo phunzirani kumvetsera kulira kwa mota. Akuluakulu adati kuthamanga sikufika. Mwana uja ndidamuuza kuti akanene kwa bambo wake kuti mzere wautali umatha dzuwa lisanalowe, koma kukulunganso waya wopsa kumatseka chigayo masiku ambiri.