Foni muli nayo, bwanji osajambula tauni yanu?

Tatsegulani foni yanu muone zithunzi zomwe zilimo. Ndikhoza kulosera: ma selfie a ku ukwati, umboni woti munatumiza ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money, ndi zoseketsa zomwe anzanu anaponya pa gulu la WhatsApp. Tsono fufuzani chithunzi chimodzi chokha cha msewu womwe mumadutsa tsiku ndi tsiku. Ambiri mupeza kuti mulibe.

Chonsecho matauni athu akusintha tikuona. Wa ku Lilongwe akudziwa kuti msewu wa Kenyatta wa lero si uja unali ndi mitengo m'mbali, ndipo pa Area 18 pomwe panali raundabauti pano magalimoto akudutsana pamwamba ndi pansi. Wa ku Chilobwe akudziwa malo omwe panali nyumba za anthu namondwe wa Freddy asanafike mu Malichi 2023. Mwana wobadwa lero akadzafunsa kuti kale kuno kunkaoneka bwanji, tidzamuonetsa chiyani? Nkhope zathu zokha titatosola milomo?

N'chifukwa chake ndikukukopani kuti muyambe kujambula moyo wa m'misewu, chomwe pa Chingerezi amati street photography. Palibe zokonzekeretsa munthu, palibe zoti "tamwetulirani". Mumajambula zomwe zikuchitika: mayi atasenza dengu la nthochi pa Limbe, wakabaza akudikira kasitomala pa Mchesi, mnyamata wa pachiwaya utsi uli tolotolo, kondakitala atalendewera pachitseko cha minibasi. Ine ndimachita zimenezi Loweruka m'mawa, ndipo chida changa ndi foni wamba ya Tecno yomwe batire lake limafuna kulinyengerera.

Mwina mukuti zimenezi n'zachibwana. Tamvani za Malick Sidibé wa ku Mali. M'zaka za m'ma 1960 ankazungulira m'madansi a achinyamata mumzinda wa Bamako, kujambula anyamata ndi atsikana atatchena, akuvina. Panthawiyo zinkangooneka ngati zithunzi za zisangalalo basi. Lero ndi zomwe zimaonetsa dziko lonse mmene achinyamata a ku Mali ankakhalira dziko lawo litangolandira ufulu, ndipo mu 2007 mkuluyu anapatsidwa mphoto yapamwamba ku chionetsero cha zaluso cha ku Venice.

Kuno kummwera kunali Ernest Cole wa ku South Africa, yemwe ankajambula mozemba moyo wa anthu akuda pansi pa tsankho: m'sitima zodzaza, m'makomboni, komanso m'migodi, komwe agogo athu ambiri ankapita kudzera ku Wenela, dzina lomwe depoti ya ku Blantyre inatengera. Buku lake la zithunzi, House of Bondage, linatuluka mu 1967 ndipo boma la kwawo linaliletsa. Boma lonse kuopa zithunzi za anthu wamba ali m'sitima! Apa mpomwe mungaonere kuti chithunzi cha mumsewu si chinthu chopepuka.

Nanga poyambira ndi pati? Choyamba ndi kuwala. Dzuwa la masana limaika mithunzi yakuda m'maso mwa anthu, ndiye tulukani m'mamawa isanakwane 8 koloko kapena madzulo kuyambira cha m'ma 4. Khungu lathu ndi lakuda, ndipo foni ikaona thambo lowala kumbuyo imadetsa nkhope mpaka munthu kungotsala chithunzithunzi. Mankhwala ake ndi osavuta: dinani pankhope ya munthuyo pa sikirini musanajambule, kapena sunthani kuti dzuwa likhale kumsana kwanu. Nyengo nayo imathandiza. Chiperoni cha mu Juni ndi Julayi chimakuta Blantyre ndi nkhungu yokoma m'chithunzi, mu Okutobala jakaranda amakhala atachita maluwa, ndipo mvula ikangokata, zithaphwi za m'misewu zimasanduka kalilole.

Chachiwiri, iwalani zokoka chithunzi ndi zala. Pa mafoni ambiri otsika mtengo, kutero kumangochititsa chithunzi kukhala chosaoneka bwino. Yandikirani ndi miyendo. Ndipo pukutani kagalasi ka kamera ndi malaya, poti foni yomwe yakhala m'thumba limodzi ndi mtedza singakupatseni chithunzi choyera.

Chachitatu ndi kudekha, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndikapeza khoma lolembedwa bwino kapena pomwe kuwala kwagwa mokoma, ndimaima pomwepo mphindi khumi kapena makumi awiri, kudikira kuti wina adutse. Kuthamangitsa anthu ndi foni kumangokutopetsa; ukaima malo amodzi, tauni imabwera yokha.

Koma pali nkhani yaikulu kuposa zonsezi. Tonse taonapo zithunzi za munthu woledzera atagona m'ngalande, mtsikana yemwe chovala chamuchita chipongwe, kapena wodwala misala, zikuzungulira pa Facebook anthu akuseka. Kumeneko si kujambula, n'kunyazitsa. Munthu ameneyo ali ndi ana, ali ndi apongozi, ali ndi mpingo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ngakhale malamulo sakusekerera: gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu, ndipo lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security limaletsa kuzunza ena kudzera pa intaneti.

Ine muyeso wanga ndi umodzi: kodi munthuyu ataona chithunzichi, angakonde kuti chikhale pakhoma kunyumba kwake? Ngati yankho ndi ayi, ndimafufuta. Ndipo nkhope ikamaoneka pafupi, ndimapempha. Pamsika ndimayamba ndagula kaye tomato, kenako n'kunena kuti, "Mayi, mwayala bwino malonda anuwa, ndingakujambuleni?" Funso lomwe limabwera ndimalidziwa kale: "Mukazitani, achimwene? Mukatigulitsa kwa azungu?" Ndimawauza zoona, kuti ndimasunga zithunzi za tauni yathu ndipo zina ndimaika pa Instagram. Akalola, ndimawaonetsa chithunzicho, ndipo ngati ali ndi WhatsApp ndimawatumizira. Akakana, ndimathokoza n'kumapita. Ana sindiwajambula popanda kholo lawo. Kunyumba ya boma, kumalo a asilikali ndi ena otetezedwa, foni imakhala m'thumba.

Dzitetezeninso nokha. M'madepoti muli akatswiri otsomphola mafoni, ndiye yendani awiri, wina azijambula wina aziona kumbuyo. Mukajambula, bwezani foni m'thumba. Zosankha chithunzi chabwino mukachitire kunyumba.

Chomaliza, sungani. Foni imabedwa, imagwera m'madzi, imafa. Akaunti ya Google imapereka malo aulere okwana 15GB, ndiye mukapeza Wi-Fi kapena bandulo ya usiku, kwezani zithunzi zanu zabwino. Potumiza pa WhatsApp sankhani HD, apo ayi chithunzi chimafika chitafinyidwa. Ndipo lembani tsiku ndi malo. Chithunzi cholembedwa kuti "Msika wa Ndirande, Loweruka m'mawa" ndi chaka chake chimasanduka umboni. Chopanda mawu chimangokhala chithunzi.

Simukufunika kamera ya mamiliyoni kapena ulendo wa ku Dubai. Loweruka likubwerali sankhani msewu umodzi wa kwanuko, kaya ndi ku Chibavi, ku Chinamwali kapena ku Bangwe. Yendani ola limodzi, perekani moni, jambulani zithunzi khumi, musunge zitatu. Mukatero mwezi ndi mwezi, pakutha pa chaka mudzakhala ndi mbiri ya dera lanu yomwe palibe wina aliyense ali nayo.