Kufunika kosintha mapaipi ndi nthambo zamagetsi pansi pa madoko

Unduna woona za mtengatenga ukufotokozera alimi, amalonda ndi anthu onse chifukwa chimene mapaipi ndi nthambo zamagetsi za pansi pa doko zimasinthidwira zikakhalitsa.

Pansi pa malo okochezapo sitima pamadutsa mapaipi amadzi, amafuta komanso nthambo zamagetsi. Zipangizozi zimachita dzimbiri chifukwa cha chinyezi, zimagwedezeka ndi mafunde a mwera, ndipo zimamira nyanja ikadzaza monga inachitira nyanja ya Malawi mu 2024. Paipi yobooka imatayira mafuta m'madzi n'kuononga nsomba, pamene nthambo yosupuka ingathe kupha munthu kapena kuyambitsa moto.

Doko likatsekedwa mwadzidzidzi, ovutika ndi amene amadalira sitima monga Ilala, yomwe yakhala ikunyamula anthu ndi katundu kuyambira 1951 ndipo imafika ku Monkey Bay, Likoma, Nkhata Bay ndi Chilumba. N'chifukwa chake ntchito yotere imagwiridwa chigawo ndi chigawo, kuti mbali ina ya doko izigwirabe ntchito.

Pa nthawi yotere, anthu akupemphedwa kutsatira zikwangwani, kusakocheza mabwato pansi pa malo okonzedwawo, komanso kufunsiratu ku ofesi ya padoko asanabweretse katundu wosachedwa kuonongeka monga nsomba zaziwisi.