Netiweki ikamaduka, yambani mwayeza pabalaza panu

Linali Lachiwiri m'mawa, msonkhano wa pa Zoom utangoyamba kumene. Anzanga ena anali ku Lilongwe, wina ku Nairobi, ine ndili pabalaza ku Chirimba, laputopu ili patebulo lodyera. Nditangoyamba kufotokoza za bajeti, nkhope zonse zinauma gwa. Wina anauma kukamwa kuli yasa, wina kapu ili pamlomo. Ndinafunsa katatu kuti "Mukundimva?" koma amene anandiyankha ndi tambala wa aneba.

Aliyense amene wakhala akugwirira ntchito kunyumba kuyambira 2020, pamene Covid-19 inachititsa mabungwe ambiri kubweza antchito awo kumakomo, manyazi amenewa akuwadziwa. Zikatero timangoti "netiweki yavuta", monga timanenera kuti "ndi malungo" thupi likangotentha, tisanapite n'kukayezetsa komwe. Kenako timagula bandulo ina, kapena kutukwana kampani ya mafoni pa Facebook, mawa lake vuto lili pomwepo.

Mawu anu asanafike ku Nairobi amayenda ulendo wa zigawo zitatu. Amachoka pa laputopu kupita ku rauta kudzera pa Wi-Fi. Amachoka pa rauta kupita ku nsanja ya netiweki, kapena kulowa m'nthambo ya kampani. Akatero amatsata nthambo za faiba mpaka kunyanja yamchere. Chigawo chilichonse chili ndi matenda ake, ndipo mankhwala a chigawo china sachiza chinzake.

Kuyeza kwake sikulira katswiri. Pa kompyuta ya Windows tsegulani Command Prompt kawiri. Pawindo loyamba lembani ping, kenako nambala ya rauta yanu, kenako -t. Nambalayo imalembedwa kunsi kwa rauta, ndipo kawirikawiri imakhala 192.168.1.1, 192.168.0.1 kapena 192.168.8.1. Pawindo lachiwiri lembani ping 8.8.8.8 -t, imene ndi seva ya Google. Zisiyeni ziziyenda inu mukugwira ntchito. Msonkhano ukangoduka, yang'anani. Ngati mawindo onse awiri alemba Request timed out, vuto lili m'nyumba mwanu momwemo, pakati pa laputopu ndi rauta. Ngati loyamba likuyankha bwinobwino koma lachiwiri lakhala chete, ndiye kuti vuto lili kunja kwa mpanda.

Ine nditayeza, onse awiri ankafa limodzi. Kampani imene ndinaitukwana mwezi wathunthu inalibe mlandu.

Rauta yathu inkakhala m'kabati ya mbale za alendo, kuseri kwa TV, ndipo mayi a kunyumba anali ataifunditsa kansalu koluka kuti isachite fumbi. Inkatentha ngati mbatata yootcha. Rauta ikatentha kwambiri imayamba kuchita ulesi, mwinanso kuzima n'kudziyatsa yokha. Pakati pa iyo ndi tebulo langa panalinso khoma la njerwa zowotcha. Mafunde a Wi-Fi amafooka akamadutsa njerwa, konkire, galasi lodziyang'anira ngakhale mgolo wamadzi, ndipo akakumana ndi chitsulo kapena malata amabwerera. N'chifukwa chake amene amagwirira ntchito m'kanyumba ka kuseri, rauta ili m'nyumba yaikulu, amangokhalira kudandaula.

Marauta ambiri a masiku ano amaulutsa Wi-Fi ya mitundu iwiri, ya 2.4 GHz ndi ya 5 GHz. Ya 2.4 imafika patali ndiponso imayesetsa kuboola makoma, koma ndi msewu wopanikizana: zipangizo za Bluetooth zimadutsa momwemo, maikulowevu akamatenthetsa ndiwo amasokoneza momwemo, marauta a aneba nawonso ali momwemo. Papuloti ya nyumba zalendi zisanu ndi imodzi, aliyense ndi kaMiFi kake, zimakhala ngati anthu akulankhula onse nthawi imodzi pabwalo la milandu. Mukalowa m'makonzedwe a rauta mutha kusintha tchanelo, ndipo pa 2.4 matchanelo osapondana ndi 1, 6 ndi 11. Ya 5 GHz ndi yothamanga ndipo sikhala yodzaza, kungoti imatopa msanga ikakumana ndi khoma. Ngati mumakhala chipinda chimodzi ndi rauta, sankhani imeneyo.

Koma mankhwala enieni ndi achikale: nthambo ya Ethernet. Imalowa kumbuyo kwa rauta, mbali ina n'kulowa mu laputopu, ndipo imatha kutalika mpaka mamita 100 osataya mphamvu. Malaputopu opyapyala alibe polowetsa, koma kadaputa ka USB kamakwanira. Nthamboyi imathetsanso mkangano umene uli ndi marauta olowetsa simu khadi, amene ambiri a ife timadalira. Rauta yotere imafuna kukhala pawindo loyang'ana kunsanja, pamwamba, kunja kwa kabati, pamene inu mumafuna ikhale pafupi ndi tebulo. Yendani ndi foni ya netiweki yomweyo nyumba yonse, muone windo limene timizere timadzaza. Ikani rautayo pamenepo, nthambo ndiyo ikutsatireni.

Palinso akuba a m'nyumba. Mwana akuonera zidole pa YouTube, foni ya mlamu ikukweza mavidiyo a ukwati, Windows nayo yaganiza zodzikonza nthawi yomweyo. Msonkhano wa kanema sufuna liwiro lochititsa mantha, mamegabiti awiri kapena atatu pasekondi amakwana. Chimene umafuna ndi njira yosadukiza, makamaka yotumizira, imene nthawi zambiri imakhala yopapatiza kuposa yolandirira. Foni imodzi yokweza zithunzi ikhoza kuitseka yonse. Pa Windows ikani Wi-Fi yanu kuti ikhale metered connection, kuti kompyuta isamadye bandulo mwakachetechete. Ndipo tsegulani tsamba la rauta muwerenge zipangizo zolumikizidwa. Ine ndinapeza khumi ndi chimodzi, m'nyumba ya anthu anayi. Pasiwedi ndinaipereka kwa mnyamata mmodzi yekha pa Khirisimasi, koma chinsinsi cha awiri si chinsinsi. Ndinaisintha tsiku lomwelo, ndipo madzulo ake pakhonde la aneba panali zii.

Za magetsi n'zosachita kufotokozera Mmalawi. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Amene ankagwirira ntchito kunyumba nthawi imeneyo anaphunzira kuti laputopu ili ndi batire koma rauta ilibe. Ngakhale magetsi angophethira, rauta imazima ndipo imatenga mphindi ziwiri kapena zitatu kuti ipezenso nsanja, abwana akudikira. Mwayi wake ndi woti marauta ambiri amayendera mavoti 12 kapena 9 ndipo amadya magetsi ochepa ngati babu. Tima UPS ting'onoting'ono ta rauta, kukula kwake ngati njerwa ya sopo, timatha kuisunga yamoyo kwa maola angapo. Musanagule werengani mavoti olembedwa pa adaputa yanu, chifukwa mukalakwitsa mudzawotcha rautayo. Ngati rauta ikuzimazima magetsi alipo, kayikirani adaputa yomweyo, makamaka ngati inagulidwa pamsika m'malo mwa imene inapsa.

Tsono bwanji ngati windo loyamba likuyankha, lachiwiri lili chete? Apa mphamvu zanu zachepa. Nsanja nayo imadya magetsi. Akazima imadalira mabatire ndi jenereta, ndipo dizilo akamasowa m'dziko nsanja zina zimagona. Mwina mwaonapo kuti magetsi akangozima m'dera lanu intaneti ya pafoni imayamba kukwawa, chifukwa aliyense amene TV yamuzimira watembenukira ku foni, ndipo nonse mukumwa pachitsime chimodzi. Madzulo anthu akaweruka zimakhalanso chimodzimodzi. Ntchito yotumiza mafayilo aakulu ndi bwino kuigwira mbandakucha.

Nthawi zina nthendayo imakhala kutali kwambiri. Malawi alibe gombe la nyanja yamchere, choncho intaneti yathu imadzera m'mayiko oyandikana nawo monga Tanzania ndi Mozambique kuti ikafike ku nthambo zapansi pa nyanja. Pa 12 Meyi 2024 nthambo ziwiri, EASSy ndi Seacom, zinaduka kunyanja kufupi ndi gombe la South Africa, ndipo intaneti inafooka ku Tanzania, Kenya, Uganda, Mozambique, kuno kwathunso. Masiku amenewo anthu anazimitsa ndi kuyatsa marauta mpaka zala kuwawa, pamene chofunika chinali sitima yokalumikiza nthambo pansi pa madzi.

Starlink, imene inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023, imakulambalalitsani nsanja ya m'dera lanu, koma si ya thumba lililonse, ndipo ili ndi zofuna zake. Mbale yake imafuna thambo loonekera bwino, moti nthambi ya mango ikhoza kumadula msonkhano mphindi zingapo zilizonse. Mvula yamphamvu imaifooketsa, ndipo magetsi imadya ambiri kuposa rauta wamba. Kwa ambiri a ife njira yachiwiri yotsika mtengo ndi simu ya kampani ina. Ngati rauta ili pa Airtel, foni ikhale ndi TNM, kapena mosinthanitsa, muli kabandulo kongodikirira tsoka. Hotspot yake ilumikizeni ku laputopu lero, zinthu zili bwino, kuti tsikulo likadzafika musadzayambe kusaka pasiwedi thukuta lili kamukamu. Zikavutitsitsa zimitsani kamera, pakuti mawu okha amadutsa ngakhale pa netiweki yowonda.

Kwathu rauta tsopano ili pashelefu pafupi ndi windo la kum'mawa, kaUPS kali pambali pake, ndipo kansalu koluka kaja kanasamukira pa wailesi. Nthambo ndinaidutsitsa kudenga kuti ana asamapunthwe. Inagwira bwino miyezi isanu, mpaka tsiku lina nkhope zinaumanso. Ndinatsegula mawindo awiri aja, onse anali chete. Nditakwera kudenga ndi tochi, ndinapeza makoswe ataitafuna pawiri.